Maenvulopu a Bambo a Shakira

1

Dzina langa ndine Mwanahalima. Kwathu ndi ku Ntaja, ku Machinga, koma uchembere wanga wonse ndaudyera ku Joni kuno, ndikuchapa ndi kusita zovala za eni ake. Nkhani imene ndikuuzeniyi mpaka lero ikandibwerera m'mutu ndimamva nseru, ngati ndapeza ntchentche pansi pa kapu tiyi nditamwa kale.

Amuna anga a Latif ankagwira ntchito pa sitima ya pamadzi, zikuluzikulu zija zokhala ngati mzinda, zonyamula anthu opita kukapuma. Yawoyo inkanyamuka ku Durban kulowera ku zilumba za ku Mozambique. Ntchito yawo inali yokonza zipinda za alendo: kuyala mabedi, kutsuka zimbudzi, kupinda matawulo kuti aoneke ngati njovu kapena tsekwe. Akapita ankatha miyezi yambiri ali pamadzi, kenako n'kubwera kudzapuma ku Orange Farm, kumene tinkachita lendi ndi mwana wathu Shakira.

Malipiro awo anali ochepa. Ndalama yeniyeni inali ya matipi, kangachepe kamene alendo amapereka pothokoza. Ndipo pa matipi amuna anga analibe mnzawo. Akafika ankakhuthula chikwama pabedi, maenvulopu mbwee, ena a marandi ena a madola. Tinagula firiji, tinagula TV yaikulu, kumudzi njerwa zinayamba kukwera.

"Alendo amandikonda, mayi a Shakira," ankatero uku akudzisisita pamtima. "Ndili ndi dzanja labwino."

Ine n'kumaseka, n'kumawaphikira mpunga wa nyama.

2

Moyandikana nafe munkakhala Omega, mayi wa ku Zomba amene anagwirapo pa sitima yomweyo asanayambe kuvutika mawondo. Tsiku lina tikuyanika zovala anasuzumira pakhomo panga n'kuona firiji ija.

"Achemwali, ine ndinaperekera zakudya pamadzi paja zaka zinayi, koma ndinabwerako ndi ketulo yokha."

"Mwina simunkamwetulira," ndinamuseka.

"Kumwetulira? Masaya anachita kuuma." Anafinya malaya, madzi n'kudontha pa mapazi ake. "Mukudziwa mmene zimayendera? Kampani imaika yokha kandalama ka tsiku lililonse pa bilu ya mlendo, ati ka antchito. Kameneko timagawana tonse, mpaka otsuka mbale amene mlendo sawaona n'komwe. Ndiye tsiku lotsiriza muone mzere pa desiki. Anthu okhuta, mimba patsogolo, akukangana kuti kandalamako kachotsedwe. Munthu wadya sabata yonse ngati akusamuka m'dziko, koma ka womutsukira chimbudzi kakumupweteka. Chotsala ndi envulopu ya m'manja. Imeneyo sulandira chifukwa chokolopa bwino. Kukolopa aliyense amakolopa."

"Nanga umalandira chifukwa cha chiyani?"

Omega analuma pegi n'kuyang'ana kumbali. "Mukawafunse eni ake."

Mwamuna wooneka bwino, azimayi andalama ali okhaokha m'zipinda, nyanja mbali zonse. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Inenso ndinaganiza zomwezo.

3

Koma zina sizinkagwirizana ndi chibwenzi. Chithunzi changa cha pa Idi, chimene ndinavala mpango wobiriwira, anakachimatitsa pulasitiki n'kumayenda nacho. Mwamuna wachimasomaso amayenda ndi nkhope ya mkazi wake? Ndinkadzitonthoza ndi zimenezo.

Akakhala pamadzi ankapempha zithunzi za Shakira. Ndikatumiza tili awiri ankabweza uthenga: "Mwana yekha." Ndikamuveka diresi yatsopano: "Ayi, muvekeni yakale ija, ndi imene ndimamukumbukira nayo." Ndinkati ndi mtima wa bambo.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuuzani, ngakhale sindikonda kuchitchula. Zaka ziwiri izi zisanachitike ndinali ndi pakati pena. Matenda anandiyamba amuna anga ali pamadzi, kunja kukugwa mvula yamatalala. Galimoto imene tinaitana inachedwa. Pofika kuchipatala anathamangira nane kokang'amba, koma mwana anali atapita kale. Anali wamwamuna. Dzina tinali titamusankhira kale, Binali, dzina la agogo ake. Shawelo yabuluu imene ndinamugulira ndi yomwe anamukulungira.

Zonsezi ndinawafotokozera a Latif pa foni ndikulira, chimodzichimodzi. Iwo anali chete mpaka ndinamaliza. Atabwera kunyumba sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo ndikaiyamba ankatuluka panja. Ndinkati abambo amalirira m'kati.

4

Ulendo wotsiriza atabwera, Lachinayi lina masana foni yawo inalira. Anaiyang'ana n'kuthamangira nayo kuseri kwa chimbudzi. Ndinangomva, "Yebo, mama. Yebo. Loweruka lomweli?" Pobwera nkhope inali itatuwa.

"Loweruka upite ku Kya Sand ukawaone achimwene ako. Mwana umusiye."

"Achimwene ndinawaona sabata yatha."

"Ukawaonenso."

"Kukubwera ndani, bambo a Shakira?"

Anazungulira m'nyumba, anamwa madzi, anakhala pansi, anaimiriranso. "Mlendo wa pa sitima. Munthu wofunika. Wapeza malo ano kudzera pa sukulu ya mwana, sindingamukanize."

"Ndiye mlendo wofunika afike pakhomo popanda mayi wapanyumba? Ine sindichoka."

Ataona kuti ndaumirira anasintha mawu, anayamba kundinyengerera ngati tili pa chibwenzi. "Chabwino, khala. Koma ukhale ngati mng'ono wake wa mkazi wanga. Kwa tsiku limodzi lokha. Ndi za ntchito izi, sungazimvetse. Kampani imafuna anthu opanda mabanja."

Bodza limenelo ngakhale Shakira sakanalikhulupirira. Koma ndinavomera. Ndinkafuna ndimuone ndi maso angawa mkazi amene ankadzaza maenvulopu a amuna anga. Ndinali nditakonza kale mawu omulankhula.

Lachisanu ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza TV palibe, akaisungitsa kwa aneba. Makatani atsopano atsitsa. Firiji inawakanika kunyamula, ndiye anaizimitsa n'kuifunditsa chitenje, pamwamba n'kuikapo mabeseni. Ndinaima pakhomo ndikudabwa. Mwamuna wofuna kusangalatsa chibwenzi amabisa chuma?

Shakira anandithamangira. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atangoguluka.

"Adadi akuti mawa tichita sewero. Inu mukhala amayi aang'ono."

"Nanga amayi ako enieni akhala ndani?"

"Akuti ndikafunsidwa ndizingoyang'ana pansi."

A Latif anaseka kuseka kouma. "Ngakhale alakwitse n'kunena kuti amayi, palibe vuto. Kwathu mng'ono wa mayi ndi mayi yemwe. Kunonso n'chimodzimodzi. Palibe angadabwe."

Anali ataganizira zonse.

5

Loweruka m'mawa ndinadzola mafuta, ndinavala bwino, ndinakhala pampando kudikira mdani wanga. Ndinkayembekezera galimoto yonyezimira ndi mkazi wa zikhadabo zopenta.

Amene anagogoda anali gogo wa ndodo, atavala chipewa cha kutchalitchi, thukuta lili kamukamu chifukwa choyenda kuchokera pamene teksi inamutsitsa. Dzanja lina ananyamula jumbo yolemera.

"Awa ndi MaRadebe, a ku Pimville ku Soweto," anatero a Latif m'Chizulu, atawerama ngati mwana wa sukulu. "Anali aphunzitsi, pano anapuma. Mama, uyu ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga."

Gogo uja anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkosi yami, Mulungu wanga. Nkhope yomweyo. Ngati wadzuka."

Anandikumbatira, fungo la mafuta opaka mawondo lili guu, n'kuyamba kulira paphewa panga. "Pepa mwana wanga. Pepa chifukwa cha mkulu wako. Mulungu akudalitse posamala mwana wamasiyeyu."

Sindinamve bwino poyamba. Chizulu ndimachimva, koma mutu unakana kulandira. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali atayang'ana pansi, nkhope yachisoni itakhala bwinobwino ngati yunifolomu yosita.

Tinakhala. MaRadebe anamuika Shakira pamiyendo n'kuyamba kundifotokozera, poganiza kuti akunditonthoza. Iwo ndi anzawo a sitokofela, gulu lawo losonkherana ndalama, anasunga kwa zaka kuti akakwereko sitima asanafe. Tsiku lachiwiri pamadzi anaona chithunzi pa kangolo ka a Latif konyamulira sopo ndi matawulo, chitatsamira mabotolo a mankhwala otsukira. Mkazi wa mpango wobiriwira. Anafunsa kuti ndani.

"Mlamu wakoyu anangokhala pansi m'khonde n'kugwira kumaso. Sanafune kunena, ndinachita kumukakamiza. Anandiuza zonse. Mvula yamatalala ija. Galimoto imene inachedwa. Kamnyamata kaja, Binali, kokulungidwa m'shawelo yabuluu. Mayi ndi mwana kupita tsiku limodzi, iye ali pakati pa nyanja." Anapukuta maso ndi kansalu. "Mwana wanga wamkazi anapitanso choncho, pobereka. Ndinawauza azimayi onse a gulu lathu. Tsiku lotsika aliyense anasiya envulopu pa pilo, ngakhale amene zipinda zawo ankakonza wina. Ndipo ine mwezi uliwonse penshoni ikalowa ndimapatulako ka sukulu ka mwanayu."

Tsiku lija ndinkalira pa foni iwo ali chete, ndinkati mawu awathera. Kani ankamvetsera bwino kuti asaiwale kanthu. Mvula, galimoto, mtundu wa shawelo. Anatola chilichonse n'kukachiyala pa kangolo, pambali pa sopo.

6

MaRadebe anatsegula jumbo. Munali nkhuku, shuga, ndi nsapato zakuda za sukulu.

"Ndinafuna ndikaone manda, ndikaikepo maluwa."

"Tinakaika kumudzi, mama, ku Malawi," anayankha a Latif mosajejema. Yankho limenelo linali lozolowera njira.

Shakira anatsika pamiyendo ya gogo uja, nsapato zili m'manja, n'kubwera kwa ine. Anayang'ana bambo ake kaye kuti aone ngati akuchita bwino.

"Amayi aang'ono, ndivale?"

Mwana amene ndinamuyamwitsa. Ananena bwinobwino, osaphonya, n'kumwetulira ndi mpata wa mano uja podikira kuti amuyamikire. Pamenepo ndinaona zaka zakutsogolo: gogoyu azibwera pa Khirisimasi, azibwera pa tsiku lobadwa la mwana, ndipo ulendo uliwonse ine ndizifa, mwana wanga azindiika m'manda ndi pakamwa pake kuti alandire nsapato.

"Mama," ndinatero, "ine ndilibe mkulu wanga wamkazi. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene a ku Kya Sand. Wa mpango wobiriwirayo ndine."

A Latif ndi amene anayamba kulankhula, mofatsa, ngati dokotala.

"Musamutengere, mama. Chimwalirire mkulu wake mutu suyenda bwino. Nthawi zina amadziyesa malemuwo."

Ndinaimirira, ndinakweza bulauzi, ndinatsitsa chitenje pang'ono. Chipsera cha mpeni wa kuchipatala chili pamimba panga mpaka lero.

"Binali anatulukira apa. Iye anapitadi. Ine ndinatsala."

MaRadebe anayang'ana chipseracho, anayang'ana a Latif, kenako anaweramira kwa mwana. Uphunzitsi unawabwerera m'mawu.

"Shakira, ndiuze zoona. Mayi ako ali kuti?"

Mwana anayang'ana pansi monga anamuphunzitsira. Kenako anaponya nsapato n'kudzandigwira miyendo.

"Amayi, sewero latha? Sindikulifunanso."

Gogo uja anadzuka ndi ndodo yake pang'onopang'ono. Sanakalipe. Phazi lake linaponda madzi amene ankayenderera pansi kuchokera pangodya. Anatsatira madziwo ndi maso, anakweza chitenje chija ndi nsonga ya ndodo, n'kuona firiji ikusungunuka.

"Yanga kunyumba inafa chaka chatha," anatero. "Ndinati ndidzaikonzetsa mwana wamasiye akamaliza chaka cha sukulu." Anatembenukira kwa ine. "Iwe sunadziwe, ndaona. Koma unadya nawo. Sunafunse kuti munthu woyala mabedi zonsezi akuzitenga kuti?"

Nsapato anamusiyira mwana. A Latif atafuna kuwanyamulira jumbo kuti awaperekeze, anawaletsa ndi ndodo.

"Usandikhudze. Ndinakulirira ngati mwana wanga."

7

Chitseko chitatsekeka ndinkayembekezera manyazi. Ndinkayembekezera kuti mwina agwada. Koma anakankha mpando ndi mwendo.

"Wataya ndalama ya mwezi ndi mwezi chifukwa cha mtima wachabechabe. Wafa iwe? Si uli apa ukupuma?"

"Munandipha kangati, bambo a Shakira?"

"Ulendo uliwonse alendo amakhala atsopano. Ukuganiza kuti ndi ine ndekha? Pa sitima paja aliyense ali ndi maliro ake. Mnzanga wina amayi ake amwalira sabata iliyonse chiyambire ntchito. Anthu aja salipira tawulo, salipira msana wanga. Ndimatsuka masanzi awo, tsiku lotsiriza n'kukachotsetsa kandalama kanga pa desiki. Koma uwapatse misozi, chikwama chimatseguka chokha."

"Gogo uja ndi wolemera? Wabwera pa teksi."

"Anapereka yekha. Sindinamulande."

"Nanga Binali?"

Anakweza mapewa. "Mwanayo anapita kale. Bola atithandizeko ife otsala."

Ndinathamangira panja n'kusanza pafupi ndi mpopi, mpaka m'mimba munalibe kanthu. Mpunga wonse wa nyama wa zaka ziwiri ndinkaumva pakhosi.

Omega anabwera ndi kapu ya madzi. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Anzanga a pa sitima anandiimbira kundipepesa maliro anu, ine ndikukuonani pawindo mukusesa. Ndikanayamba bwanji, achemwali? Ndikanati pepani, munamwalira?"

Madzi akewo sindinamwe.

Masana omwewo ndinalongedza zovala zanga ndi za mwana. M'chikwama chawo cha kuntchito ndinapezamo chithunzi chija. Pakona anali atamatapo kariboni kakuda ka maliro, ndipo pulasitiki inali itachita mdima ndi zala za anthu amene anandigwira pondilira. Ndinachitenga. Firiji, TV, njerwa za kumudzi, zonse ndinawasiyira. Akulu a kumzikiti anayesa kutikhazika pansi, koma nditawafotokozera za shawelo yabuluu, shehe anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

8

Pano ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Kya Sand, pafupi ndi achimwene. Mkaka ndimasunga m'beseni la madzi. Ndinapitako ku Pimville kamodzi, nditanyamula kandalama kochepa koti ndiyambe kubweza. MaRadebe anandilandira pakhonde, osati m'nyumba. Ndalamayo anakana. Anangofunsa ngati nsapato zinamukwana mwana.

A Latif anabwerera pamadzi. Ndimamva kuti pa kangolo pali chithunzi china tsopano, cha Shakira atavala diresi yakale ija, ndipo nkhani yake ndi ya mkazi woipa amene anathawa ndi mwana. Akuti imeneyinso ikuyenda malonda.

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amene amuna anu ali kutali ndipo ndalama ikubwera yoposa ntchito: ine ndinkaopa chibwenzi, ndipo chikanakhala chibwenzi mwina ndikanapirira monga apiririra ambiri. Sindinaganize kuti chogulitsidwa ndine. Funsani msanga, firiji isanalowe m'nyumba, chifukwa ikalowa pakamwa pamalemera.

Ndipo inu amene Mulungu anakudalitsani mpaka kumakwera sitima zimenezi, munthu akakuyalirani bedi bwino, mupatseni kangachepe kake chifukwa cha bedilo. Musakaime pa mzere kukachotsetsa. Musadikire kuti akuphereni mkazi kaye. Sindikuwachotsera mlandu a Latif, anachita zonyansa ndi maso awiri. Koma msika wa misozi sanautsegule okha.

Chondipweteka chimene chatsala ndi chimodzi. Mpaka lero pakhomo pakagogoda munthu wachilendo, Shakira amathamangira kwa ine n'kundinong'oneza kukhutu.

"Amayi, lero ndinu ndani?"

Ndimamugwira nkhope ndi manja awiri, ndimamuyankha mokweza kuti ndi mlendoyo amve.

"Ndine mayi ako. Katsegule chitseko."